Tanuki Wovala Nsapato

Woyamba kumukana anali galu. Kagalu kenikeni, kofiirira, ka mchira wopindikira pamsana, koma kanauwa ngati kaona mfiti masanasana. Sensei Kiyomaro Mibu anaima pakati pa bwalo, chipewa chakuda chili pendeke, mpango wa silika uli m'khosi, nsapato zikung'anima, ndipo anamwetulira kamera ngati kuti galuyo anachita kumulemba ganyu.

"Mwaona?" anatero, akutembenukira kwa Nonomura, mtsikana wa pa TV amene anabwera naye. "Agalu a kumapiri kuno amamva kuti kwafika munthu woona zobisika."

"Iii, Sensei, zoona?" Nonomura anaseka ataika dzanja pakamwa, n'kukodola mnyamata wa kamera kuti ajambule galuyo.

Sensei ameneyu, ndiko kuti katswiri wolemekezeka, ndani samudziwa? Ana a dziko lino akulira m'makatuni ake. Nkhandwe zosanduka akazi okongola, amphaka okalamba ovina ndi miyendo iwiri atafunda kansalu kumutu, makamaka a tanuki, tinyama tamimba tija ta m'mapiri timene timaika tsamba pamutu n'kusanduka wansembe, ketulo, ngakhale mlatho woti uwolokerepo n'kugwera m'madzi. Zilombo zake zili pa zikwama za sukulu, pa mapaketi a masiwiti, mpaka pa makabudula a ana. Akakhala pa TV amapinda mwendo n'kunena kuti iye chinyengo amachimva fungo chikadali kutsidya la mtsinje. Akatero amafotokoza za kwawo: kuti anabadwira ku Kyoto m'banja la akatswiri ojambula, kuti mayi ake anali munthu wofewa manja, woimba zeze, ndipo anamwalira iye ali mwana. Akafika pamenepo msozi umatsika, umodzi wokha, diso la kumanzere, chifukwa kamera amakonda kuiika kumanzere.

Bodza lokhalokha! Dzina lake ndi Kumeo Bando, ndipo mchombo wake unadulidwira m'nyumba yomwe galuyo ankalondera, m'chigwa muno momwe basi imabwera ikafuna. Bambo ake, malemu Gisaburo, ankalima mbatata ndi kulemba zikwangwani za m'magolosale. Koma nyengo yachisanu ikafika, munda utagona, ankatenga burashi n'kumajambula a tanuki pa zitseko zapepala za chipinda cham'kati. Anadzaza zitseko zinayi. Tanuki wosanduka mwezi, tanuki wosanduka mkwatibwi mchira uli panja, tanuki woledzera amene wasanduka theka lokha. Chilombo chilichonse chimene Sensei anatchuka nacho anachita kuchitola pa zitseko zimenezo, n'kuchiveka mtundu wowala basi.

Tsopano thumba linali litatha. Katuni yatsopano inaima pakati, anyamata ojambula ankangosongola mapensulo n'kumayasamula, chifukwa Sensei sankadziwa kuti tanuki wamkulu wa m'nkhaniyo asanduke chiyani kumapeto. Ankajambula, ankang'amba, ankakalipira wophika tiyi. Chimene ankakumbukira n'chakuti pa chitseko chomaliza, m'munsi chakungodya, bambo ake anajambulapo chinthu china chimene chinkamukodzetsa pogona ali mwana. Mantha ake ankawakumbukira, koma maonekedwe ake anali atafufutika. Panalibe kuchitira mwina, anayenera kulowa m'nyumba muja n'kukachiona ndi maso.

Vuto linali lakuti pakhomopo anali asanapondepo kwa zaka zoposa makumi atatu. Ngakhale maliro a bambo ake anangotumizako maluwa opanda dzina. Ankafuna kubwera yekha mwakachetechete, koma akuluakulu a kampani atamva zoti akupita kumapiri kukasaka nthano, anamuphatikizira a TV. Akanatha kukana. Koma Sensei kukana kamera? Ndiye anaimbira foni mlongo wake wamkulu, Sadae, n'kumuuza kuti: muchite ngati simukundidziwa, mutilowetse, tione zitsekozo, tizipita. Amayi maso anafa, sadziwa kanthu.

"Bwerani, a Sensei, tikulandirani," anayankha Sadae pa foniyo, mwaulemu woti munthu wanzeru akanachita nawo mantha.

Ndiye lero anali atafika. Sadae anatuluka akupukuta manja pa epuloni, anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda mawondo, n'kukalipira galu mosafuna kuti asiye. Kumpanda kunali kutadzaza kale mitu ya imvi. Nkhalamba zonse za m'chigwa zinali pompo, zina zitabwera ndi timipando. Kumeo anazindikira a Tokuji amene ankamukwapula akaba zipatso, ndi a Fusae amene anamulera kumsana, koma anayang'ana kumwamba n'kuyamikira kukongola kwa mapiri.

Pakhonde panali mayi ake, a Tsuya. Anakhala pa katsamiro, bulangeti lili m'miyendo, akusenda zipatso za kaki zoti ayanike. Anali atachepa zedi, ngati mwana wovala zovala za akuluakulu. Maso awo anali oyera ngati madzi otsukira mpunga. Atamva mapazi, anaika mpeni pansi, ananyambita zala ziwiri n'kudzipaka malovu m'nsidze.

"Sensei, akuchita chiyani agogowa?" ananong'ona Nonomura, maso akuwala.

Apa ndiye pabwalo pake. Sensei anakonza mpango n'kuyang'ana kamera. "Uwu ndi mwambo wakalekale wa anthu osaphunzira a kumapiri. Amati chilombo chikawerenga tsitsi la m'nsidze zako, chimakupusitsa. Ndiye amanyowetsa nsidze kuti tsitsilo limatane, chisathe kuwerenga. N'zokoma kuona kuti zikadalipo."

Atatembenuka anapeza mpanda wonse ukunyambita zala. A Tokuji anachita kulavulira m'manja n'kudzikhula chipumi chonse.

"Sadae," anatero a Tsuya, "akununkha mafuta a maluwawa ndani?"

"Alendo a ku Tokyo, amayi. Awa ndi a Sensei, odziwa za zilombo. Akufuna aone zitseko za abambo."

"Oo. Dzina lanu ndani, bambo?"

"Kiyomaro Mibu, agogo." Anakuza mawu ndi kuwakometsa mwachitauni.

"Agogo," a Tsuya analibwereza liwulo pang'onopang'ono. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Kyoto."

"Kutali. Mayi anu alipo?"

Kumeo anamva thukuta likuyenda kumsana, kunja kukuzizira chonchija. Koma kamera inali itasendera kale, kumanzere, ndipo diso lija linadziwa ntchito yake. "Anatisiya kalekale, ndili mwana."

"Mayo ine, pepani. Anafa ndi chiyani?"

"Chifuwa."

"Chifuwa!" A Tsuya anatsokomola kawiri, ngati akuyesa ngati chikadalimo. "Chimapha chimenecho. Munawaika bwinobwino? Kumanda mumapitako?"

"Chaka ndi chaka."

"Mwana wabwino. Sadae, wamva? Alipo ana otere."

Kumpanda munthu wina anatsamwa. A Fusae anabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedezeka. Nonomura yekha ndiye anapukuta m'maso, mtima utamugwiradi.

Kumeo anaona kuti afulumire. Anasendera pa mwala wovulirapo nsapato, anawerama n'kugwira chingwe cha nsapato. "Ndiye tisakutayitseni nthawi, agogo. Tingolowa pang'ono, tione zitsekozo..."

"Nsapatozo zikhale momwemo," anatero a Tsuya, osakweza mawu. "Inu odziwa miyambo, mwaiwala kuti tili m'masiku ati? Ano ndi masiku a chisanu chachikulu. A tanuki njala yawapha kuphiriko, ndiye amatsika atasanduka anthu. Masiku ano m'nyumba salowa mlendo. Amalowa wobadwira momwemo basi."

Mwambowo ulipodi, Kumeo ankaudziwa. Koma bambo ake ankaukumbukira pokhapokha kukabwera ogulitsa mankhwala a nyamakazi. Ndani masiku ano angatseke khomo chifukwa cha tanuki? Akanatha kuseka n'kunena kuti zimenezo n'zachikale, koma m'galimoto monse anali akulalikira kamera kuti anthu a m'tauni atha nzeru chifukwa chonyoza miyambo.

"Chaka chatha anabwera wina," a Tsuya anapitiriza, akutenganso mpeni. "Anasanduka wofuna mavoti. Magolovesi oyera, mano panja, kuwerama ngati bango. Anatilonjeza msewu. Kutacha tinangopeza masamba."

"Ameneyo anali wamkulu wawo!" anakuwa a Tokuji, mpanda wonse n'kufa ndi phwete.

"Koma uyu ndi katswiri. Mawuwa, Sadae, ukuwamva? Pansi pakepo. Mawu awa ndi a Kumeo wanga. Wawatola kuti? Fungo watenga la mkazi wa m'tauni, kayendedwe watenga ka bwanamkubwa, koma mawu waba a mwana wanga."

Nonomura anatsala pang'ono kuvina. Zoterezi pa TV sizipezeka tsiku lililonse. Anagwada pafupi ndi khonde n'kufunsa, "Agogo, muli ndi mwana wamwamuna?"

"Ndinali naye, mwanawe. Anapita ku tauni kukaphunzira kujambula. Makutu ngati zogwirira poto, mano olowa n'kutuluka, mamina osauma. Kukodza pogona ndiye usanene. Matiresi ake tinkayanika pa mpanda pomwepo, a Fusae ndi mboni."

"Mapu a dziko lonse ankajambula ameneyo!" anatero a Fusae. "Luso linayambira pamenepo."

Sensei anaseka nawo, kuseka kouma kongoonetsa mano amene anagula ku Tokyo. Kenako anapempha kuti apume pang'ono, akuti akufuna kumva mzimu wa malowo payekha. Podutsa anakoka Sadae pa epuloni. Anakaima kuseri kwa nyumba, pakati pa ndiwo zoyanika pa nsungwi.

"Achemwali, n'chiyani chimenechi? Si tinagwirizana?"

"Tinagwirizana kuti ndisakudziwe. Ndiye sindikukudziwa. Walakwiridwa pati?"

"Anthu onsewa mwawaitaniranji?"

"Ndaitana ndani? Kuno nkhuku ikaikira dzira chigwa chonse chimadziwa. Iwe ubwere ndi galimoto ya zilembo m'mbali, anthu akhale m'nyumba?"

"Tamverani, ntchito yanga yaima. Anthu ambirimbiri akudikira ine. Ndikungofuna kuona chitseko chimodzi, chomaliza chija. Tsegulani zenera lakumbuyo, kapena mundijambulire pa foni..."

"Asa! Ndikujambulire?" Sadae anagwira m'chiuno. "Ukudziwa tsiku lija unalira pa TV koyamba? Tinamva kuti uonekera. Chigwa chonse chinasonkhana ku holo. Amayi anavala kimono yawo ya paukwati, anaphika makeke a mpunga oti aliyense alawe, anthu anawakhazika pampando wakutsogolo. Maso anali akuona nthawi imeneyo. Ndiye anaonera maliro awo omwe, ali pampando wakutsogolo, mbale ya makeke ili pamiyendo."

Kumeo anayang'ana nsapato zake.

"Sanalire. Anangoti, 'Mwana akulankhula bwino.' M'mawa mwake anatenga chithunzi chawo n'kuchiika pa guwa la m'nyumba lokumbukirapo akufa, pambali pa cha abambo. Mpaka lero m'mawa uliwonse amadzifukizira lubani okha. Amati poti mwana ali kutali, wina azikumbukirako malemuwo."

"Zinali za ntchito, achemwali. Anthu a m'tauni safuna mwana wa mlimi wa mbatata."

"Ndiye pita ukaone zitseko za ku Kyoto." Anatembenuka kuti azipita, kenako anaima. "Ndikuuziretu. Adokotala akuti amayi safika nyengo ya maluwa chaka chino. Ndipo anena kale pamaso pa wansembe kuti akadzamwalira, zitsekozo adzatenthedwe nazo limodzi, akazipereke kwa abambo, eni ake. Ukalephera lero, walephera."

Kumeo anatsala yekha. Kuchokera pomwe anaimapo ankawaona mayi ake chakumbuyo, kakhosi kowonda ngati ka nkhuku, tsitsi loyera lomangidwa ndi kachingwe. Mtima unamupweteka, inde, tisamunamizire. Koma mutu wa Sensei sugona. Pomwe mtima unkapweteka, mutu unali ukuwerengera kale. Bwanji atangoulula? Katswiri wotchuka agwada pamaso pa mayi ake amene anawabisa chifukwa cha manyazi a umphawi. Misozi, kukhululukirana, manja okalamba pamutu pake. Dziko lonse lilira. Manyuzipepala amutukwana sabata imodzi, kenako amukonda kuposa kale, katuni n'kugulidwa ngati mtedza. Akatero avula nsapato, alowa, aona chitseko. Mako ndi mako, angakane mwana atagwada?

Anabwerera kubwalo akuyenda pang'onopang'ono. Anavula chipewa n'kupatsira Nonomura. Anasuzumira pomwe panali kamera, anasuntha pang'ono kuti ikhale kumanzere, n'kugwada pa dothi lachisanu, buluku lodula lija osalimvera chisoni. Anatsitsa chipumi mpaka pansi.

"Amayi," anatero ndi mawu onjenjemera bwino. "Ndine Kumeo."

Nonomura pakamwa panali yasa, chipewa chili m'manja. Wa kamera anasendera.

"Wati chiyani?" anafunsa a Tsuya.

"Ndine Kumeo, mwana wanu. Ndinanama. Ndabwera."

"Onse amatero," anatero a Tsuya. "Tanuki akaona kuti khomo lakanika amasanduka m'bale. Kwa a Tokuji anabwera atasanduka malemu akazi awo."

"Ndinamuzindikira chifukwa sankalongolola," anatero a Tokuji, koma ulendo uno oseka anali ochepa.

A Tsuya anaika mpeni m'mbale, anapukuta manja pa bulangeti. "Chabwino. Mwambo umati wobadwira m'nyumba amugwire mwini nyumba. Tanuki amaonera munthu patali, amatengera nkhope ndi mawu, koma zipsera sazidziwa. Sendera kuno."

Kumeo anayenda ndi mawondo mpaka m'mphepete mwa khonde. Fungo la mayi ake linamufika, utsi wa nkhuni ndi lubani ndi zipatso, ndipo mawu onse amene anakonza kuseri kuja anabalalika.

"Kumeo wanga," a Tsuya ankalankhula kwa bwalo lonse, "ali ndi chipsera kuchoka pa nsidze iyi kukafika kukhutu. Anagwa mumtengo uwo, akuthyola zosapsa. Magazi anali ngati tapha nkhumba. Bambo ake anali kumunda wakutali. Ndinamubereka kumsana, ndinatsika naye phiri lonseli mpaka kwa dokotala, nsapato ndinaiwala. Zikhadabo ziwiri zakumapazi ndinazisiya m'njira. Anamusoka ali maso, atandiluma dzanja ili." Anatukula dzanja, ndipo pansi pa chala chachikulu panali timabowo toyera ta mano a mwana. "Changa chilipo. Tione chako."

Zala zozizira, zomata ndi madzi a zipatso, zinafika pa chipumi chake. Zinapeza nsidze ya kumanzere. Zinayenda kulowera kukhutu.

Kumeo chipseracho anachichotsa chaka chimene analandira mphotho yoyamba, kwa dokotala wa akatswiri a m'mafilimu, chifukwa wojambula zithunzi wina anati chimamuonetsa ngati wakuba njinga. Anakondwera nayo kwambiri ntchito ya dokotalayo. Ankati ngakhale mayi ako sangadziwe kuti panali kanthu.

Zala zija zinafika kukhutu, zinabwerera, zinapitanso. Tsopano sizinkasewera ayi. Zinkakanikiza khungu, zinkafufuza m'tsitsi, zinawolokera ku nsidze inayo ngati kapena zasokoneza mbali. Kumeo anakweza maso n'kuona nkhope ya mayi ake ili pafupi, milomo ikuyenda popanda mawu, ndipo anazindikira kuti masewera onse aja anali oti afike pamenepa. Ankafuna kumuchititsa manyazi, inde, kenako agwire chipsera chawo, amutukwane, amulowetse.

"Palibe," anatero a Tsuya motsitsa.

"Ndinachotsa, amayi. Madokotala a ku Tokyo..."

Zala zinagwira khutu. Linali logona bwinobwino kumutu. "Makutu aja?"

"Anawakonza."

Chala chinatsikira pamlomo, chinagunda mano osalala ondondozana. Chinapita pachibwano pomwe panali kanjerewere kofanana ndi ka bambo ake. Posalala.

"Nanga wandisiyira chiyani choti ndigwire?"

Kumeo misozi inamutuluka, maso onse awiri, ndi mamina omwe, yosakoma kujambula n'pang'ono pomwe. Anagwira dzanja la mayi ake n'kulikanikiza pa nsidze paja. "Panali apa, amayi. Apa. Gwiraninso."

A Tsuya analisiya dzanjalo pamenepo kanthawi. Kenako analichotsa, ananyambita zala ziwiri, n'kudzipakanso m'nsidze.

"Wayesetsa," anatero ndi mawu awo akale aja. "Mwa onse amene anabwerapo, iwe wayandikira. Sadae, ndidzutse, kwazizira. Ndipo mupatse chake mlendoyu. Tanuki sitimubweza ndi njala, amabwezera."

Sadae anawadzutsa, anawalowetsa, ndipo chitseko chinatsetsereka n'kutsekeka. Kumeo anangoona mdima wa m'kati kamphindi, ndi nsapato zamatabwa za bambo ake zili pamalo pake. Zitseko zojambulidwa zija zinali m'chipinda chachiwiri, sanazione n'komwe.

Posakhalitsa Sadae anatulukira khomo lakukhitchini atanyamula chakudya pa tsamba lalikulu louma, monga timachitira masiku a chisanu chachikulu: chibumi cha mpunga wa nyemba zofiira ndi kachidutswa kokazinga ka tofu, chakudya cha soya. Sanamupatse m'manja. Anadutsa bwalo lonse, anakachiika pa mwala wa kumalire a munda pomwe timasiyira zilombo za kuphiri, anaomba m'manja kawiri, n'kubwerera osamuyang'ana.

Nkhalamba zija zinayamba kunyamula timipando. Panalibenso woseka. A Fusae podutsa anaima n'kupukusa mutu.

"Sensei," ananong'ona Nonomura, akumubwezera chipewa ndi manja awiri. Mtsikanayo ntchito ankaidziwa. "Pepani kwambiri. Kodi... tingajambule mukudya?"

Kumeo anadzuka, mawondo ali matope okhaokha, anayenda mpaka pamwala paja n'kunjuta. Galu anamutsatira n'kukhala potero, akumuyang'anitsitsa. Kumeo anatenga chibumi cha mpunga chija n'kuluma.

Chinali cha nkhoko. Mpunga wopserera wa pansi pa mphika, wokhukhuta, wothira mchere wambiri ndi chitowe, woti wina aliyense m'nyumba muja ankati ndi wopatsa nkhuku. Ndi Kumeo yekha amene ankaulirira, ndipo mayi ake ankachita kusiya mphika pamoto dala kuti upserere. Nyemba zotere zimafuna kuviika dzulo lake. Chibumicho chinali chaching'ono, choumbidwa ndi manja aang'ono, ndipo m'mbali mwake munali mapindi a zala.

Anadya chonse, atanjuta kumalire a munda, nsapato zili kumapazi. Kamera inali kumanja, ndipo sanasunthe.

M'nyumba muja mawu anamveka kudutsa pepala la chitseko.

"Sadae, wadya?"

"Akudya, amayi."

"Wamaliza chonse?"

"Chonse."

Kenako mawu a mayi ake anamvekanso.

"Upite ukamulande tsambalo. Angaliike pamutu n'kusandukanso."